Akuti makandulo a Patuma

Lachinayi lapitali ndinachita nsanje, ndipo sindibisa. Nsanje yeniyeni, yotentha pamtima, yoti ngakhale madzi akumwa amakana kutsika. Osati ya mwamuna ayi, imeneyo ndinasiyira atsikana. Ndinachitira nsanje mlamu wanga Patuma, mkazi wa mlongo wanga, chifukwa cha makutu ake.

Amene mumawerenga danga lino kawirikawiri mukundidziwa, koma alendo ndiwauze. Ndine Enelesi, ndimapanga makandulo kuno kwa Mwambo, ndipo sindimva bwino. Khutu lakumanzere linatsekeratu nditadwala malungo aakulu, mwana wanga Pemphero akadali kumsana. Lakumanja limatola apa ndi apo, munthu akayandikira kapena akakuwa. Zotsalazo ndimamva ndi maso, ndimayang'ana milomo yanu. Udzudzu ndi umene unandilanda makutu, ndiye m'makandulo mwanga ndimathiramo udzu wonunkhira mandimu uja ena amaika m'tiyi, kuti udzudzuwo nawonso uzione. Akuti ukaipa dziwa nyimbo. Ine nyimbo sindiimva, ndiye ndinadziwa makandulo.

Ntchito yonse ndi yanga. Phula la njuchi ndimakasankha ndekha. Ndimalisungunula m'chitini choviika mumphika wa madzi otentha, ndimapota chingwe cha thonje, ndimathira m'timapaipi todula, n'kudikira kuti ziume. Mukadzandiona mudzandiyang'ane manja, muli zipsera zokhazokha. Patuma chitinicho sanachigwirepo. Ntchito yake ndi ya pakamwa: kuyankha foni, kunenerera ndi ogula, kuseka pamene pakufunika kuseka. Takhala limodzi pabenchi imodzi kudoko la Kachulu zaka zinayi, tikugulitsa kwa amayi a m'midzi ndi asodzi ogona m'zimbowera, tinyumba tawo toyandama tija.

Tsono Lachinayilo, boti la ku chilumba cha Chisi litafika, munatsika mayi wina wachikulire, atavala chitenje cha mpingo. Analunjika pabenchi pathu, n'kutola kandulo imodzi, n'kuiika pamphuno.

Apa ndiye pagona vuto langa. Aliyense wobwera amayamba wanunkhiza, ndipo amalankhula kandulo ili pamphuno pomwepo. Pakamwa pamatsekedwa ndi katundu wanga yemwe. Ndimangoona masaya akugwedezeka.

Mayiwo analankhula nthawi yaitali, maso ali kwa Patuma. Patuma akumwetulira, akugwira pachifuwa, akuwerama pang'ono ngati munthu amene wapatsidwa mphatso. Atatsitsa kandulo ija ndinagwira mawu awiri okha pamilomo yawo. Oyamba anali makandulo. Achiwiri anali Patuma. Kenako anatulutsa foni, n'kulemba nambala ya mlamu wanga. Ine anangondigwedezera mutu n'kumapita.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akufuna makandulo a ubatizo kutchalitchi kwawo," anatero Patuma, atandiyang'ana kuti ndione pakamwa. "Ayamikira kwambiri, alamu."

"Ayamikira ndani?"

"Inuyo, nanga ndaninso?"

"Nanga dzina lanu lalowa pati?"

Anaseka. Ndikuganiza kuti ankayesa nthabwala. Ine mumtima ndinali nditawira kale. Patuma ndi Msilamu, ubatizo sanauonepo ndi maso ake, koma ndiye akulandira ulemu wa makandulo a ubatizo. Ndipo sikanali koyamba. Zaka zinayi ndakhala ndikuliona dzina lake likudumpha pamilomo ya anthu. Asodzi, Patuma. Amayi, Patuma. Akabaza otitengera katundu, Patuma. Langa sindinalionepo ngakhale tsiku limodzi. Inu mukanakhala ine, mukanaganiza chiyani?

Titafika kunyumba masana, tisanatsitse n'komwe makatoni, ndinamuuza.

"Kuyambira mawa ndizipita ndekha. Makandulo a Patumawo mukapange nokha, tione ngati phula limasungunuka ndi kuseka."

Ndinawonjezanso zina zimene sindilemba pano, za anthu okolola pamene sanalime. Munthu wosamva sadziwa kukweza kwa mawu ake. Ndinaona anansi atasiya kupeta mpunga akuyang'ana kwathu, ndipo ndinadziwa kuti mudzi wonse wamva kupatula ine. Patuma anasiya foni ya bizinesi pakhonde, n'kukonza mpango wake, n'kumapita kwawo.

Lachisanu ndinapitadi ndekha, ndili nyang'wa. Ndinkati anthu adziwe lero mwini wake.

Woyamba kubwera anali mtsikana wina wooneka kuti wangokwatiwa kumene. Mwana woleredwa bwino. Anagwada chapambali, maso ali kumapazi kwanga, dzanja lili pakamwa, n'kunena kanthu kena chapansipansi.

"Mwati chiyani?"

Anabwereza, mutu uli chiweramire.

"Pepani, mwati?"

Anabwerezanso. Kachitatu munthu umachita manyazi kufunsa. Ndinachita zimene timachita tonse osamva tikapanikizika, ndinamwetulira n'kuti, "Eya." Iye anakhalabe chigwadire, akudikira. Ndinamukulungira makandulo awiri. Anawayang'ana, anandiyang'ana pang'ono, n'kuwasiya pabenchi, n'kunyamuka. Mpaka lero sindikudziwa chimene ankafuna. Mwina ankafuna makandulo a chinkhoswe chonse. Mwina ankangofunsa njira.

Kenako kunabwera msodzi wina, atalawa kale kam'mawa, n'kundiimirira kumaso kwenikweniku.

"Agonthi, makandulo!"

Ndinamva bwinobwino, mawu onse awiri. Ndinamugulitsa.

Taonani tsono mmene zilili. Amwano ndimawamva, aulemu sindiwamva. Tinaphunzitsidwa tili ana kuti wamkulu sumuyang'ana m'maso, sumukwezera mawu, ukamalankhula naye umayang'ana pansi. Inenso Pemphero ndinamuphunzitsa zomwezo, ndipo ndinkanyadira. Koma ulemu womwewo ukafika kwa ine umasanduka chitseko. Mukandilemekeza kwambiri, ndiye mwandichotseratu pa nkhani yanga yomwe.

Palinso gulu lachitatu, ndipo ambiri mwa inu muli m'menemo. Awa sanyoza, sagwadanso. Amangoyang'ana amene wakuperekeza n'kufunsa, "Awa amamva? Muwauze kuti abwere Lolemba." Iwe uli pomwepo, maso ali tong'o. Zimachitika kuchipatala, zimachitika pamsonkhano wa m'mudzi, zimachitika ngakhale pamaliro a m'bale wako. Wodwala ndiwe, koma ofunsidwa pamene pakupweteka ndi ena. Kodi munamvapo kuti khutu likatseka nzeru nazonso zimatuluka? M'midzi mwathu muno muli agogo angati amene anasiya kupita kumisonkhano, osati chifukwa cha miyendo, koma chifukwa anatopa ndi kunena eya pa zinthu zimene sanamve? Timati akalamba, sakufunanso za anthu. Sitinayesepo kukhala kutsogolo kwawo n'kuwaonetsa pakamwa.

Ndinabwerera kunyumba makatoni ali odzadza. Foni ija inkawala pakhonde, wina akuimba, ine n'kumangoiyang'ana. Ndinadziwa kuti mwina ndi mayi wa ku Chisi uja, ndipo ndinadziwanso kuti ngati Patuma sabwerera, benchi yatha. Koma kupita kukamupepesa, ayi ndithu. Nsanje ili ndi khosi louma.

Loweruka m'mawa ndikusungunula phula kuseri kwa nyumba, ndinaona chithunzithunzi cha munthu chitagwera pamphika. Anali Patuma. Sanapereke moni. Anandikoka dzanja kupita poyera, n'kuima moyang'ana dzuwa kuti nkhope yake ioneke bwino.

"Alamu, ndiyang'aneni pakamwa," anatero. Kenako ananena pang'onopang'ono: "Patuma. Mwaona?"

"Ndaona. Ndatopa nalo kuliona."

"Chabwino. Nanga ili?"

Anatsegula pakamwa pang'ono. Lilime linagwedezeka kuseri kwa mano. Basi.

"Ndanena chiyani?"

"Simunanene kanthu."

Anabwereza. Chimodzimodzi, ngati munthu amene akuchotsa kaminga ka matemba m'mano. Kenako anabwera kukhutu langa lakumanja n'kunena mokweza, "Ndanena kuti Enelesi."

Ndinalowa m'nyumba n'kutenga kagalasi kanga kosweka pakona. Ndinayesa ndekha. Patuma: milomo imatsekana poyamba, imatulukira kutsogolo pakati, n'kutsekananso kumapeto. Dzina loti ungaliwerenge munthu ali tsidya lina la msewu. Enelesi: milomo sikhudzana ngakhale kamodzi. Zonse zimachitikira mkati. Tayesani inunso pomwe mwakhalapo, muone. Makolo anga, Mulungu ause mizimu yawo, anandipatsa dzina la munthu wokhala ndi makutu.

Nditatuluka ndinapeza Patuma akutakasa phula langa kuti lisapse, koyamba m'moyo wake, ndipo ankatakasa molakwika.

"Mayi aja anati chiyani kwenikweni?" ndinafunsa. "Osandidulira. Zonse."

Anasiya mtengo wotakasira n'kundiyang'ana. "Anati makandulo a Enelesi anawamvera ku Chisi konko. Anati mwana wawo anagula imodzi, udzudzu osayandikira, ndipo siilira misozi yambiri ngati ya m'sitolo. Anati manja amene amapanga zimenezi ndi odalitsika. Kenako anatsitsa kandulo ija n'kunena kuti, ndiye za makandulowa ndiziimbira inu a Patuma? Inu munangoona pomalizira pokhapo."



"Doko lonse limati makandulo a Enelesi," anapitiriza. "Ena amayesa ndine wantchito wanu. Zaka zinayi ndikumva dzina lanu kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Langa amalitchula akafuna foni kapena chenje. Munandifunsapo ngati zimandikoma?"

Sindinamufunsepo. Sindinaganizepo n'komwe kuti pabenchi imodzi pangakhale anthu awiri ochitirana nsanje, wina ya makutu, wina ya manja.

Ndinapepesa. Ndinapepesa mwaulemu wonse, nditayang'ana pansi, mawu ali chapansipansi. Iye anamva, poti makutu ali nawo.

Mwina mukuyembekezera kuti ndinene kuti nsanje yanga inathera pomwepo. Sinathe. Yakula. Poyamba ndinkayesa kuti wandibera dzina. Tsopano ndadziwa kuti ali ndi chinthu chachikulu kuposa dzinalo. Mawu onse abwino amene anthu ananena pa ntchito yanga zaka zinayi, ali m'mutu mwa Patuma. Anamva mmene mawuwo ankamvekera, amene ananena moseka, amene ananena modabwa, amene anabwereza kawiri. Ine ndinkalandira mawu amodzi okha akuti ayamikira. Iye ankayesa kuti akundipeputsira, poti anthu anali pamzere. Sanabe kanthu. Koma ndikamuona akumwetulira pabenchi paja, ndimadziwa kuti akudya chinthu chimene ndaphika ine, ndipo sangathe kundigawira ngakhale atafuna.

Ndipo kamtima kena kamandinong'onezabe kuti, udziwa bwanji kuti mayi aja ananenadi zimenezo? Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ine moyo wanga wonse ndi wa kandimverere. Ndasankha kumukhulupirira Patuma chifukwa galasi lija silinaname, komanso chifukwa munthu wabodza sakanabwera kudzatakasa phula la munthu amene anamuyalutsa pamaso pa anansi. Koma n'zowawa kuti ngakhale kutamandidwa kwako uzichita kufunsa kwa wina.

Mayi aja akubwera Lachinayi kudzatenga makandulo awo a ubatizo. Ndamuuza Patuma kuti akadzafika, iye adzakhale chete, azikonza makatoni. Kandulo ndidzawalanda m'manja asanayambe kulankhula. Adzaona ngati mwano, koma adzandikhululukira.

Inunso mukadzafika pabenchi pathu, nunkhizani, ndi ufulu wanu. Mukatha, tsitsani kanduloyo. Musagwade. Musakuwe. Ndiyang'aneni m'maso ngati mwana wosaleredwa bwino, munene zimene mukufuna kunena. Ngati ndi zoipa, nenaninso kwa ine, mwini wake ndine.

Ndipo za dzinali. Titayamba bizinesi ndinaletsa anthu kunditchula amake Pemphero pabenchi. Ndinkati kumudzi ndikhale amake mwana, koma pa makandulo pakhale dzina langalanga. Dzulo ndinaimanso pagalasi paja n'kuliyesa. Amake Pemphero. Milomo imatsekana katatu konse, moti ndingalione munthu akadali m'boti.

Ndiye munditchule limenelo. Enelesi musiyireni Patuma, ndi amene amamumva.