Lilime la Abambo Sharif

Abambo Sharif anabwera ku Biwi kuchokera ku Nkhotakota ine ndisanamere ndevu. Zaka zonsezi takhala tikugwira ntchito moyandikana, iwo kudula magalasi, ine Flywell kuwotcherera zitsulo. Ndi munthu wabwino mtima, koma pakamwa, abale! Ukangotchula nsomba, tsiku lako lathera pomwepo. Ankati anabadwira m'bwato, ndipo ife a ku Dowa ankatiseka kuti nsomba timaidziwira m'mbale.

Chaka china kunabwera Mayi Jacqueline, omwe ali ndi malo odyera m'tauni. Ankafuna thanki lalikulu lagalasi losungiramo nsomba za m'nyanja ya mchere pamodzi ndi makorali, tizamoyo tooneka ngati miyala yophuka maluwa. Abambo Sharif analipanga milungu itatu, ine n'kuwotcherera poliimika. Litadzaza, anthu ankaiwala chakudya patebulo n'kumangoyang'ana tinsomba tachikasu ndi tabuluu. Mayiwo anawapatsanso ntchito yolisamalira Lachiwiri ndi Lachisanu. Mkulu uja anayamba kusita shati popita m'tauni, ndipo m'minibasi aliyense wokhala nawo pafupi ankamva za thanki lawolo, afune asafune.

Nsombazo ndi mchere wake wapadera zinkachokera kunja. Tsiku lina mayiwo anawaonetsa pa foni zipangizo zoyezera madzi kuti asankhe zoitanitsa. Ine ndinalipo, ndikukonza chitseko cha kukhitchini. Panali timapepala toviika m'madzi, panali timabotolo ta mankhwala osintha mtundu wa madzi akaipa, ndiye panalinso kachitsulo kosuzumira ndi diso limodzi. Kameneko ukadonthezapo madzi, kamaonetsa kuchuluka kwa mchere.

"Kosuzumiraka ndiye akuti n'kofunika kwambiri, Abambo," anatero mayiwo.

"Amayi, musadzivute. Choyezera mchere ndinabadwa nacho," anayankha akuloza lilime lawo. "Ingoitanitsani choyezera kutentha basi."

Mayiwo anandiyang'ana. Ine ndi kupusa kwanga ndinaseka n'kunena kuti, "Awa ndi akunyanja, Amayi, asiyeni." Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero. Tonse awiri tinaiwala kuti nyanja ya ku Nkhotakota ilibe mchere.

Miyezi yozizira zinthu zinayenda bwino. Okutobala atafika ndi dzuwa lake lija, madzi anayamba kuphwa m'thanki. Akatsika, Abambo Sharif ankasungunula mchere m'ndowa n'kudzaza thankilo mpaka pa mzere. Kenako ankaviika chala, kulawa, n'kugwedeza mutu kuti ali bwino. Koma lilime limazolowera. Madzi a Lachisanu ankangosiyana pang'ono ndi a Lachiwiri, ndiye kusinthako sankakumva.

Akazi awo, Mayi Fatu, anawapeza tsiku lina akundifotokozera zimenezi pa shedi pathu. Anatula chakudya n'kuima kaye.

"Bambo a Aliya, msuzi ukaphwa pamoto timathiramo madzi okha. Amauluka ndi madzi, mchere umatsala m'poto."

"Amake Aliya, inu nsomba mumazidziwa zitafa. Zamoyozi tisiyireni."

Mayi Fatu anangomanga chitenje chawo n'kumapita. Apanso ine ndinaseka nawo. Paja amati safunsa anadya phula, koma ife tinachita kuuzidwa, n'kudyabe.

Makorali anayamba kufota, kenako kuyera ngati laimu. Nsomba zinasiya kudya n'kumangounjikana pakona. Mkulu uja anasintha chakudya, anapukuta magalasi, anadzudzula magetsi ozimazima, ngakhale utsi wa kukhitchini. Madzi okha sanawakayikire. Mayi Jacqueline atatopa anaitanitsa okha kachitsulo kaja, koma pomwe kankafika, nsomba zamoyo zinali zitatsala ziwiri.

Tinapita limodzi. Abambo Sharif anadonthezapo madzi, n'kusuzumira akuyang'ana kuwindo. Anakhala choncho nthawi yaitali. Kenako anandipatsa kuti nane ndisuzumire. Mzere wa mchere unali utakwera kutali kupitirira pomwe pepala la malangizo ake linkanena. Nsomba ziwiri zija sizinafike Lamlungu.

Mayiwo sanakalipe, ndipo mwina akanakalipa zikanakhalako bwino. Anangoti, "Lichotseni, Abambo. Magalasiwo mundipangire kabati yoikamo makeke."

Tinalikweza pa galimoto kubwerera nalo ku Biwi. Analiphwasula okha, osalola munthu kugwirako, n'kulidula zidutswazidutswa. Kabatiyo inatuluka yokongola, palibe anganene kanthu. Pano akadali pa shedi pomwepo, imvi zili mbuu, akudula magalasi a mawindo ndi a mabasi.

Tsiku lomwe ankamaliza kabatiyo ndinayesa kuwalimbitsa mtima, ndikuti nsomba ndi nsomba, zina zidzabwera. Anapukusa mutu.

"Flywell, zija zinkandidziwa. Ndikangolowa pakhomo zinkathamangira pagalasi kudzandilandira. Ine n'kumazithirira mchere."

Anatola nsanza n'kupitiriza kupukuta kabati ija.