Buku Limene Ndinatsomeka Padenga la Nkhokwe

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Giredi 6 pasukulu ya kwathu ku Zemba. M'kalasi mwathu munali buku limodzi lokha la nkhani, la Chingerezi, lachikuto chong'ambika. Linkasimba za chikho chamatsenga: womweramo ankapeza chilichonse chimene mtima wake unkakhumba, koma ludzu lake linkakulirakulira, mpaka abale ake omwe ankayamba kuwaona ngati mbala.

Aphunzitsi athu, a Sakala, anakhazikitsa lamulo loti Lachisanu lililonse mwana mmodzi aziwerenga mutu umodzi mokweza, ndipo yemweyo ndiye azisunga bukulo kwawo. Anasankha Tisauke, msuweni wanga, mwana wa amalume. Ine ndinkakhala woyamba pa mayeso, choncho ndinaona kuti andilanda changa.

Tisauke ankandinyodola monga mwa chisuweni. "Amuna anga," ankatero akulowetsa bukulo m'pepala la shuga, "masamu ndi anu, sindikana, koma lilime munaliiwala kudimba." Anzathu ankaseka, inenso ndinkaseka nawo mwachiphamaso.

Tsiku lina, nyengo yokumba nsawa, Tisauke anasiya bukulo pakhonde pathu n'kupita kumjigo ndi amayi anga. Ndinalitenga n'kulitsomeka mu udzu wa denga la nkhokwe. Ndinadziuza kuti ndingoliwerenga ndekha, ndidziwe mathero ake iye asanawadziwe, kenaka ndilibweze.

Sindinalitsegule. Masana ndinkaopa maso a anthu, ndipo aliyense woyandikira nkhokweyo, ngakhale amayi pokatapa chimanga, ndinkamuyang'ana mokayikira. Kusukulu Tisauke anapatsidwa chilango chozula chitsa kuseri kwa ofesi chifukwa chotaya bukulo. Ndinamuona akukumba, matuza ali m'manja, ndipo ndikuvomereza kuti mbali ina ya mtima wanga inakondwa.

Patapita masabata atatu ndinapisa dzanja mu udzu muja. Bukulo linatuluka lopepuka, likununkha dothi. Chiswe chinali chitadya masamba onse akumapeto. Mantha anandigwira, ndipo ndinapita nalo kwa a Sakala. Iwo anaitanitsa Tisauke.

"Wawerengapo masamba angati?" anandifunsa aphunzitsi.

"Ngakhale limodzi."

"Ndiye unkasunga chiyani?"

Tisauke anayang'ana zotsala za bukulo, kenaka anati, "Mukanangondipempha, a Yohane. Mawu ena ankandivuta, ndinkafuna wondithandiza."

Papita zaka, ndawerenga mabuku ena otere, ndipo ndaganizira chifukwa chimene alembi amakondera kuika choipa m'kanthu kogwirika ndi manja. Ndikuona kuti amatero chifukwa nsanje ndi dyera sizioneka, koma chikho chimaoneka, ndipo wowerenga angathe kutsatira mmene munthu akusinthira pochifumbata. Kanthuko sikabweretsa ludzu. Kamalipeza lili kale. Kamayamba ndi chifukwa chomveka bwino, monga changa chija chongofuna kuwerenga, kenaka kamamuchotsa munthu pakati pa anzake n'kumusandutsa mlonda wa chinthu chimene sakupindula nacho.

Kalasi yathu sinamve mmene nkhani ija inathera. Tisauke anandikhululukira, ndipo tikakumana pamaliro kapena kutchalitchi timapatsana moni bwinobwino. Koma kuyambira tsiku lija amandilankhula mwaulemu wokhawokha, ngati mlendo, ndipo pakati pa asuweni palibe chilango choposa chimenecho.