Njanji Inadutsa M'munda Mwathu

Maganizo opita ku Zambia anandibwerera pasiteshoni ya Balaka, nditasenza thumba la mtedza la eni ake. Sitima itaima, woyendetsa anasuzumira pawindo akupukuta manja ndi kansanza, osatuluka thukuta ngati enafe. Ndinati mumtima, pampando paja ndidzakhalapo ine. Ndinali nditamva kuti ntchito ya sitima imapezeka ku Zambia. Nditafika kumudzi kwathu, kufupi ndi Nayuchi, ndinawauza amayi.

"Yusufu, mwamuna wapakhomo pano ndiwe," anatero. "Mlongo wako Asiyatu umusiyira ndani?"

Ndinati ali ndi mwamuna wake, alamu a Jafali, komanso ine sindikakhalitsa.

Ku Kabwe ndinayamba ndi kupukuta mainjini, kenaka kuthira malasha. Ndinkagona m'chipinda chimodzi ndi anthu olankhula Chibemba, ndipo akamaseka ndinkangosekera nawo osadziwa nkhani. Idi yoyamba ndinadya mbatata ndekha kuseri kwa shedi. Ndalama zochepa zomwe ndinkapeza ndinkatumizako kumudzi, zotsala n'kuthera sopo, poti mwaye wa malasha suchoka msanga.

Amene anandiwongola anali Che Saidi, mtchona wa ku Mangochi amene anakalambira pantchito yoyendetsa sitima. Tsiku lina masana anandipeza ndikuyang'anitsitsa zitsulo za m'injini.

"Ukufuna kuyendetsa?"

"Eya, Che Saidi."

"Yamba wayendetsa m'mutu. Tsinzina. Dzanja lako lili pati? Kutsogoloku kuli chitunda kapena chigwa? Mabuleki ukuwamva bwanji? Ukaona zonse usanakwere, tsiku lokwera manja sanjenjemera."

Kuyambira pamenepo, nthawi yopuma anzanga akamatchova njuga, ine ndinkakhala pansi pa mtengo nditatsinzina, ndikuyendetsa sitima yosaoneka. Ndinkaona chikwangwani chilichonse, ndikumva kulemera kwa mabogi kumbuyo kwanga. Ankandiseka kuti Mnyasa wapenga. Koma tsiku la mayeso zinayenda monga ananenera Che Saidi, ndipo ndinalandira mapepala anga. Njirayo imagwira ntchito, sindingainamizire. Mpaka lero ndikatsinzina ndimatha kuimitsa sitima pamalo ake enieni.

Makalata a Asiyatu ankawalemba mphunzitsi wina wa m'mudzi, ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Ina inati amayi amwalira, koma inandipeza sadaka ya maliro atachita kale. Ina inati njanji yatsopano yopita kumalire yadutsa pakati pa munda wathu, ndipo mbali yachonde yapita. Kunena zoona, ine ndinasangalala. Za mundazo sizinandilowe m'khutu. Ndinangomva kuti sitima izidutsa pakhomo pathu. Ndinayamba kudziwona ndikuliza hutala pokhota paja pali mtengo wa mango, ana a mlongo wanga akuthamanga m'mbali mwa njanji, nyumba yanga yamalata ikunyezimira chapomwepo. Ndinaiona nyumbayo kambirimbiri mpaka ndinadziwa mtundu wa penti ya pachitseko.

Ndinabwerera patatha zaka zambiri, ndili ndi wailesi, mabulangete ndi mapepala anga m'chikwama chapulasitiki. Khadi la chipani ndinagula ndisanakwere basi yoyamba, poti wopanda khadi sankayenda nthawi imeneyo. Kumudzi anandilandira bwino. Alamu anapha tambala. Titadya ndinalankhula ngati mwini mbumba, monga mwa mwambo wathu: ndikupita ku Limbe kukafunsira ntchito ya sitima, ndipo pamunda wotsalawo, cha kunjanji, ndimangapo nyumba. Alamu anangoti, "Chabwino, alamu," akutokosa m'mano.

Ku Limbe sindinafikeko. Kusanathe sabata kunabwera galimoto ndi amuna atatu osavala yunifolomu. Anandifunsa kuti ku Zambia ndinkakumana ndi ndani, zigawenga zimene zinathawa boma ndinkadya nazo kangati, wailesiyo ndinkamvera nayo ziti. Ndinati anthu amenewo sindikuwadziwa n'komwe. Anatenga mapepala anga, n'kunditenga inenso. Ndinalowa m'ndende mvula ikuyamba, ndinatuluka anthu akukolola, popanda mlandu, popanda wondiuza chifukwa. Mano awiri ndinawasiya komweko. Mapepala sanabwerenso, ndipo munthu amene analowako kumene kuja palibe bwana ankafuna kuona nkhope yake pakhomo la ofesi.

Asiyatu ndinamupeza akupuntha nandolo pabwalo. Sanadzuke.

"Anakandinenera ndani?" ndinamufunsa.

Anapitiriza kupuntha kanthawi. Kenaka anati, "Alamu anu."

"Iwe unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Osandiuza kuti ndithawe?"

"Achimwene, kamunda kaja ndi kamene kamadyetsa ana anga asanu. Ndinakulemberani kuti njanji yatidyera nthaka, inu munayankha kuti mwakondwa. Mwabwera nyumba mutamanga kale m'mutu mwanu, simunafunse ngakhale kuti chaka chatha tinadya chiyani. Iyayi, sindinafune kuti akumenyeni. Koma sindinafunenso kuti mumange."

Sanalire, ndipo sanapepese. Ndinanyamula bulangete limodzi mwa amene ndinawabweretsera n'kubwera kuno ku Balaka, kumene ndimakonza njinga pansi pa mtengo wa mkesha pafupi ndi msika.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti kwathu sanandithamangitse. Amandifunabe. Maliro akagwa amatumiza mwana kudzanditenga, chifukwa popanda mjomba, malume wa ana, mwambo suyenda. Chaka chatha mwana wamkazi wa Asiyatu ankakwatiwa, ndipo ine ndi amene ndinalankhula m'malo mwa banja, ndi kamwa langa lopanda mano awiri, anthu akuwomba m'manja. Nthawi yachakudya anandikhazika pamkeka umodzi ndi a Jafali, mbale ya mpunga pakati pathu. Anasankha nthuli yaikulu ya mbuzi n'kuikankhira mbali yanga.

"Idyani, alamu," anatero. "Mchere wakwana?"

Ndinati wakwana.