Mipando Yofiira ndi Zenera Loyang'ana Kunyanja

"Chinthu chabwino chikalowa m'nyumba, usagone nacho tulo. Mdani wake amabwera pamtolo womwewo." Anandichenjeza choncho azakhali anga tsiku limene mipando inafika, ali chiimire pakhomo, manja kumbuyo, osafuna n'komwe kuikhudza. Ine sindinafunikire kuuzidwa kawiri. Chibadwire sindinakhulupirirepo munthu, ngakhale wondipatsa moni akuseka. Makamaka wosekayo.

Zinali zaka za m'ma fifite, pamene amuna ambiri a kuno kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa ankapita ku Halale kukagwira ntchito. Amuna anga atabwera kutchuthi anachita zinthu ziwiri zimene mudzi wathu unali usanazionepo. Anaboola khoma loyang'ana kunyanja n'kuikapo zenera la galasi. Kenako anakapangitsa mipando iwiri kwa kalipentala wa ku Songani, ya mlombwa, yokhala ndi poika mikono, ndiponso makushoni a nsalu yofiira kuti psuu. Koma inu, kufiira kwake! Inafika itasenzedwa pamutu, ana akuimba pambuyo. Amayi a m'mudzi anasiya mpunga pamphasa, nkhuku zikujompha, kuthamangira kudzaona. Mtima wanga unkavina, koma nkhope ndinaimanga, ndikuona amene akuyang'anitsitsa kwambiri.

Alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga, anabweranso kuchokera kumudzi kwawo. Ndiwo anasankha malo.

"Ikani apa pazenera," anatero, "kuti wodutsa panjira ya ku Kachulu aziona kuti achimwene anga si munthu wamba."

Tinaika. Tsiku lobwerera ku Halale litafika, alamuwo analankhula pamaso pa anthu: "Achimwene, katunduyu mukumusiya kuchikamwini. Akangoonongeka pang'ono, ine ndidzabwera ndi anthu kudzamusenza, akakhale kwathu kwa eni ake."

Amuna anga anangoseka. "Mwamva, mayi?"

Ndinamva ndithu.

Palibe amene anakhalapo pamipandoyo, ngakhale ine. Ana ndinawaletsa kuiyandikira. Alendo ndinkawayalira mkeka pakhonde. Potsamira msana ndinaikapo tinsalu toyera toluka, timene ndinaphunzira kwa amayi a kutchalitchi, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapukuta fumbi ndisanapite kumunda.

Titakolola mpunga, chilimwe chitayamba kuwawula, ndinaona zinthu. Khushoni ya mpando umodzi inali itasuluka mbali imodzi, yasanduka ngati madzi otsukira nyama. Poika mkono vanishi anali atatuwa, akuchita timing'alu. Chimene chinandiimitsa mutu chinali malire ake: mzere wowongoka ngati wodula ndi mpeni, uku kofiira, uku kotuwa. Ndinati chowongoka chotere sichichitika chokha, ili ndi dzanja la munthu.

Ndinayamba kuwerenga adani. Mayi woyandikana nane ankabwera kudzapempha mchere pafupipafupi, maso ali mwazumwazu. Amayi anga ondibereka ankakonda kutsuka chilichonse ndi madzi a phulusa. Kaya anafuna kundithandiza mobisa? Azakhali omwe aja, chifukwa chiyani anadziwiratu? Alamu ndiye ndinawaika patsogolo, poti ndiwo akanapindula. Ndinawaza phulusa pakhomo kuti ndigwire mapazi. Ndinapezapo a nkhuku ndi anga. Ndinamanga ulusi pachitseko. Ulusi unali bwinobwino, koma kutuwa kunkangokula.

Ndiye kunabwera uthenga woti alamu afika Sabata likatha kudzaona katundu wa achimwene awo.

M'mawa mwake ndinasenza khasu, ndinatsanzika mokweza kuti mudzi wonse umve kuti ndapita kudimba. Ndinazungulira m'nthochi, n'kulowanso m'nyumba mozemba, ndi kukhala kuseri kwa chitseko, munsi uli m'manja. Ndinati lero amene alowe muno atuluka atanyamulidwa.

Ndinadikira. Kunja ndinkamva asodzi akudutsa, akukangana za matemba. Palibe analowa. Dzuwa linakwera pamwamba pa chilumba cha Chisi, kuwala kwake kukuthwanima pamadzi, ndipo chidutswa chake chinalowa pagalasi n'kugwera pansi. Ndinkangochiyang'ana chifukwa chosowa china choyang'ana. Posakhalitsa chinali pampando, theka pakhushoni, theka pakhoma, chikusendera pang'onopang'ono ngati nkhono. Kenako chinakhala penipeni posuluka paja. Malire a kuwala ndi malire a kutuwa anakumana ndendende, mzere pamzere, mthunzi wa thabwa la zenera uli pomwe ndinkati padutsa mpeni!

Ndinataya munsi. Ndinagwira khushoni, inali yotentha ngati phale lokazingira chimanga. Ndinanyamula kansalu koluka kaja, abale inu, kunsi kwake kunali kofiira ngati tsiku loyamba, ndipo timabowo tonse ta kolukako tinali titajambulika, timadontho totuwa m'mizere! Nthungululu inandituluka yokha.

Amayi anga anathamanga kuchokera kunkhokwe. "Njoka kodi?"

"Ndamugwira, amayi! Ndamugwira!"

"Ndani?"

"Uyo ali apoyo!" ndinatero ndikuloza kumwamba.

"Mwana iwe, wazungulira mutu? Dzuwa linalakwirapo ndani?"

Sindiwanena. Ife tonse dzuwa tinkalidziwa ngati mnzathu. Mpunga padzuwa, matemba padzuwa, mphasa ikagwa nsikidzi padzuwa. Nyumba zathu zinali zamdima, lilowera pati? Galasi ndilo linalitsegulira njira, ndipo ine ndinkatuluka m'mawa uliwonse pa nthawi yomwe ilo linkayamba ntchito.

Tsiku lomwelo ndinagwira ntchito ndikuimba. Mipando ndinaikokera kukhoma la mkati kumene kuwala sikufika. Ndinadula bango kudambo, ndinasoka kamphasa kolingana ndi zenera, koti kazitsitsidwa m'mawa ndi kupindidwa dzuwa likadutsa padenga. Matabwa ndinawapaka mafuta a nsatsi pang'onopang'ono ndi kansanza, ndipo anayambanso kuwala. Makushoni ndinawatembenuza.

Alamu anafika ndi amuna awiri, nkhata atapota kale. Moni sanamalize n'komwe. Analunjika pampando, n'kutembenuza khushoni. Mayi ameneyo anali wochenjera ngati ine ndemwe, ndimupatse ulemu wake.

"Ehe! Si izi? Mumakhalira ndi zovala zonyowa, alamu, kapena mumachapirapo ana?"

"Ndi dzuwa, alamu. Linkalowa pazenera, pamalo paja munasankha inu."

"Dzuwa! Mwasowa wonamizira? Nyamulani, anthu inu. Kwathu ndiziitulutsa pabwalo Loweruka lililonse, iziwotha bwinobwino, isagwe nsikidzi."

"Pabwalo?" Ndinachita kugwira pamtima. "Ndiye achimwene anu adzapeza mipando yoyera ngati ufa! Tamasulani duku lanulo."

"Duku langa lalowa bwanji?"

"Masulani, alamu, sindikuberani."

Anamasula monyinyirika. Linali duku labuluu limene ankanyadira nalo. Ndinaliyala pamkeka. Pamwamba pamene pamaomba dzuwa panali potuwa, koma kunsonga zobisika m'mfundo kunali kwabuluu kuti bii.

"Nanga apa anachapirapo ana ndani?" ndinafunsa.

Mmodzi wa amuna aja anaphulika kuseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono. Alamu analitembenuza dukulo uku ndi uku, kuliyang'ana ngati la mwini. Ndinapinda kamphasa, n'kuwagwira dzanja kuliika pamene panagwa kuwala, mpaka analichotsa okha.

"Mhu," anatero. Anamanganso duku, mkati kunja. "Ikhale konkuno. Koma kamphasako musakachotse."

Ati musakachotse, ngati anasoka ndi iwo! Amuna aja anabwerera ndi nkhata zawo m'manja, ndipo ine ndinavina pabwalo mpaka fumbi koboo.

Mipandoyo ilipo mpaka lero, nsalu ndiyo tinasintha. Koma miyendo yanga yatha, ndipo adzukulu anandiikira makatani amene amawatsegula mbee n'kuthawira kusukulu. Ndimakhala ndikuliona dzuwa likulowa pazenerapo, osatha kudzuka msanga. Tsono inu amene mukuwerenga, mukamadutsa njira ya ku Kachulu m'mawa, patukani mudzandizonde. Muimire patali, munene odi, mutchule kwanu ndi amene anakuberekani. Ndikakhutira ndidzakuuzani kuti mulowe, munditsekere zeneralo. Pokhala mudzakhala pamkeka.