Nyemba za m'Thumba la Adadi

Fungo la mapadi onyowa, zotchingira thupi za wapagolo zija, ndimalimvabe mpaka lero. Ndi fungo la thukuta la ana ena, la rabala, la chikwama chomwe chakhala chotseka sabata yonse. Kuntchito ndikamakankha ngolo ya makatoni n'kudutsa pa khomo la chipinda choziziritsira, mphepo yake ikandiomba kumaso, ndimapezeka ndili ku bwalo la ayezi ku Sheffield, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, nditaima pagolo. Sindikonda kubwererako. Koma mphuno siipempha chilolezo.

Hoke ya pa ayezi sindinaisankhe ine. Kusukulu kunabwera anthu ofuna ana a m'mafulati mwathu kuti akayesere ulere, ndipo anandiika pagolo chifukwa sindinkatha kuthamanga ndi nsapato za mipeni kunsi zija. Ankaganiza kuti ndizingoima ngati thumba la chimanga. Kenako anaona kuti sindithawa paki, kampira kakuda kafulati kaja, kolimba ngati mwala wa kumtsinje. Mu timu yonse mtsikana ndinali ndekha, wakuda ndinali ndekha, ndipo zovala zanga zinali zobwereka ku kalabu, m'kati mwake mutalembedwa dzina la mwana wina.

Timu yathu inali yofooka, sindikometsa. Anyamata otchinga kutsogolo kwanga ankagwa okha popanda wowakhudza, adani n'kumabwera awiriawiri, atatuatatu, kudzandilasa mmene afunira. Lamlungu lililonse tinkagonja. Pa bolodi yamagetsi pamwamba pa mutu wanga pankawala nambala imodzi yokha yonena za ine: zigoli zomwe zandidutsa. Zisanu ndi ziwiri. Zisanu ndi zinayi. Makolo ankaiyang'ana nambala ija, kenako n'kuyang'ana ine.

Itatha Khirisimasi kunabwera wapagolo wina, mnyamata dzina lake Callum, ndi mapadi akeake oyera mbee. Kochi anatiuza poyera kuti timu ya ana okulirapo itenga mmodzi yekha mwa ife awiri. Callum akanatsala, akanapita ku kalabu ina ndi katundu wake. Ine ndikanatsala, ndikanabweza zovala, ndipo hoke ikanathera pomwepo. Kwathu kunalibe wogula mapadi.

Adadi kumudzi anali mphunzitsi wa masamu ku sekondale. Ku Sheffield sanali chilichonse. Mapepala awo okhalira m'dzikomo anali m'manja mwa anthu ena ndipo sankaloledwa kugwira ntchito. Amami ndiwo ankagwira, ku nyumba yosamalira okalamba, n'kumabwera miyendo itatupa. Komabe adadi m'mawa uliwonse ankasita malaya, kumanga tayi, kundiperekeza kusukulu, kenako n'kutsetsereka chitunda chathu kupita ku laibulale komwe kunali kofunda. Munthu wa mutu ngati wawo sakhala chabe. Anagwira mbiri ya hoke, masewera omwe anali asanawaonepo chibadwire, n'kuiwerenga ngati akukonzekera mayeso.

Tsiku lina ndinawapeza kukhitchini atakwiya zenizeni, ketulo ikulira osaizimitsa. "Tadala, khala pansi umve izi," anatero. "Kalekale sankalemba n'komwe zomwe goloboyi wagwira. Ankangolemba zomwe zalowa. Munthu waima pagolo zaka khumi, kumaso kopanda chotchinga, mano onse kutha, ndiye m'buku mwatsala zolakwa zake zokha. Chilungamo chimenecho?" Ankalankhula ngati azungu akale aja ndi abale awo a ku Dedza.

Anagula kope la chikuto cholimba n'kulijambula mizere ndi rula. M'menemo anaika magoloboyi a nthawi zosiyanasiyana: mipira yomwe anawalasa, yomwe anagwira, yomwe inalowa. Omwe analibe chiwerengero cha zogwira ankawasiyira malo opanda kanthu. Sankalola kuyerekeza wa lero ndi wa makedzana mwachisawawa, chifukwa mapadi anakula, malamulo anasintha, ndipo panali zaka zina zomwe zigoli zinkagwa ngati mvula kwa aliyense. Aliyense ankamuyeza ndi anzake a nthawi yake. Pansi penipeni pa tsambalo, pambuyo pa amuna onse aja, analembapo dzina langa.

Vuto linali la kuwerenga. Mu bwalo muja munkazizira moti bolopeni inkakana kulemba, zala zawo n'kuuma ngati nkhuni. Ndiye anapeza njira yawo. Ankadzaza nyemba zofiira m'thumba lakumanzere la chijasi. Ndikagwira paki, nyemba imodzi inkasamukira thumba lakumanja. Ikalowa, nyemba inkapita m'thumba la malaya, la pachifuwa. Ankaima kuseri kwa galasi, kumbuyo kwa golo langa, osakuwa, osawomba m'manja, dzanja lokha likuyenda. Ndikatembenuka kukamwa madzi ndinkawaona, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, maso ali pa ine.

Tikafika kunyumba ankakhuthula pa tebulo milu iwiri. Nyemba zinkalira pa pulasitiki ngati matalala pa malata. Ankawerenga, kugawa, kulemba, amami ataima ndi mbale m'manja. "Masamu anu atha, aphunzitsi? Ndiviike zimenezo, mawa ndiye ndiwo." Adadi ankandikoka dzanja. "Taona wekha. Pa khumi zilizonse wagwira pafupifupi zisanu ndi zinayi. Bolodi ija sinama, koma imanena theka." Za Callum ankawerenganso, mosakondera. Iye kochi ankamuika pa masewera osavuta, ndipo milu yake yonse iwiri inali yaing'ono.

Sindinawauzepo, koma mulu waukulu uja ndinkaukonda. Ndinkalowetsamo zala amami asanauchotse. Unali wozizira, wolemera, wanga.

Mu Febuluwale adadi anaganiza zokaonetsa kochi. Tinali titagonjanso. M'kanjira ka kuzipinda zosinthira munali makolo ndi makapu a khofi, fungo la tchipisi ndi viniga lili ponseponse. Adadi anavula chipewa, anawerama pang'ono monga ankachitira pamaso pa ahedi kumudzi, n'kuyamba kufotokoza ndi Chingerezi chawo cha m'mabuku. Anatsegula kope. Kenako, pofuna kuti kochi aone ndi maso, anatapa nyemba m'thumba ndi manja awiri. Mwana wina anadutsa ndi chikwama chachikulu n'kuwagunda chigongono.

Nyemba zinamwazika pa rabala wakuda, zina pansi pa mabenchi, zina pakati pa nsapato za anthu. Adadi anagwada ndi tayi yawo n'kuyamba kutola imodziimodzi, chifukwa ikasowa imodzi chiwerengero chalakwika. Amayi ake a Callum anagwada nawo kuwathandiza, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kuseka. Kochi sanali munthu woipa. Anawasisita paphewa n'kunena kuti wayamikira khama, koma masewera amawina ndi zigoli. Ndisanamalize kuvula nsapato anyamata anali atandipatsa kale dzina: Binzi, nyemba m'Chingerezi.

Pa siteji ya tiramu, kasitima ka mumzinda kaja, ndinawalalatira m'Chingerezi, mokweza, chifukwa ndinkadziwa kuti chimawabaya kwambiri chikachokera kwa ine. Ndinati andichititsa manyazi. Ndinati anthu ena makolo awo ali ndi ntchito. Ndinati asadzalowenso m'bwalo muja. Adadi, maso ali pa njanji, anati, "Chabwino, amayi." Ndi mmene ankanditchulira akafuna kundinyengerera ndili wamng'ono. Sanatsutse. Ndikanakonda akanandimenya khofi.

Masewera anga omaliza anali kumapeto kwa Malichi, Lamlungu masana, kukugwa kamvula kosaleka ka ku Sheffield. Adadi anandinyamulira chikwama mpaka pakhomo lalikulu n'kubwerera. Tinkasewera ndi timu yotsogola, ndipo tsiku limenelo paki ndinkaiona yaikulu ngati mbale. Ndinagwira ndi dzanja, ndi mwendo, ndi phewa, ina inandimenya pa chipewa mutu n'kulira ngati belu. Zinalowa zitatu zokha. Ife sitinagoletse. Ndinatembenuka kambirimbiri kuyang'ana kuseri kwa galasi, ndipo panali chidebe cha zinyalala basi.

Kochi anandiitanira pambali. Anati ndasewera bwino kwambiri, koma atenga Callum, yemwe anali atawinako kawiri. Ndinaika mapadi mu kabati ya kalabu, pa mulu wa ena onunkha chimodzimodzi, n'kutuluka manja ali lende. Mapewa anali opepuka moipa.

Adadi sanali pakhomo lalikulu. Ndinawapeza kumbali kwa nyumbayo, pa chitseko chachitsulo pomwe galimoto yosalaza ayezi imatayira zinyenyeswa zake. Chijasi chinali chitanyowa mpaka kuda, khutu limodzi litafiira. Thumba lakumanja linali lotupa.

"Sindinalowe," anafulumira kunena. "Ndawerenga ndi makutu. Ikamenya mapadi imalira mwamtundu wake, ikalowa kumalira hutala. Koma chigawo chapakati munasinthana magolo, unali kutali, sindinamve bwino." Anayamba kulowetsa dzanja m'thumba.

"Zisiyeni," ndinatero. "Atenga Callum. Zilibenso ntchito."

Dzanja linatuluka lopanda kanthu. Mu tiramu tinakhala moyandikana, madzi akudontha pa chijasi chawo kugwera pa nsapato zanga. Kunyumba sanakhuthule pa tebulo. Anapereka nyemba kwa amami mwakachetechete, amami n'kuziviika osaseka. Mawa lake tinadya. Ine ndinadya kwambiri, dala.

Mu Juni adadi anapita kukasaina ku ofesi ya za mapepala monga ankachitira nthawi zonse, atamanga tayi, ndipo sanabwerenso. Patatha milungu ingapo anatiimbira ali ku Lilongwe, boma litawabweza. Sukulu ndinaisiya ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Masamu ndiwo ndinayamba kuthawa, ndipo wondifunsa chifukwa ndinkamuyankha zomwe sindingalembe pano. Adadi akaimba amafunsabe ngati ndabwerera ku koleji. Ndimati netiweki ikuvuta.

Kope lija lili ndi ine. Pa mzere womaliza analemba tsiku, dzina la timu ija, ndi zigoli zitatu. Pa malo a zomwe ndinagwira palibe kanthu. Ndili mwana ndinkati chimenecho ndi chilango, kuti anandibwezera mawu anga a pa siteji paja. Ndinakhala nacho chidani chimenecho zaka zambiri chifukwa chinali chosavuta kunyamula. Pano ndikudziwa kuti adadi sakanalemba nambala yomwe sanaione ndi maso, ngakhale ya mwana wawo, ndipo wowatsekera maso ndinali ine. Malo opanda kanthu aja ndi ofanana ndendende ndi omwe anasiyira amuna akale opanda mano aja pamwamba pa tsamba. Ndimaganizanso za fayilo yawo ku ofesi ija. Sindinaione, koma sindikukhulupirira kuti muli mzere wa malaya omwe anasita, kapena wa masana omwe anaima pa mvula khutu lili pa chitsulo.

Ndayesapo kulembapo nambala yongoganiza, bolopeni n'kuibweza. Thumba lija ndinaliona ndi maso anga, linali lotupa. Ndikanangotambasula manja.