Mphindi Zitatu za a Kalinde

Achimwene athu a Absalom Kalinde anali munthu wosatha kudutsa khoma osaligwira. Mukamayenda nawo mu Highfields muno, kaya kuchokera ku tchalitchi kaya kokakwera basi, mumangozindikira kuti mukuyankhula nokha. Kutembenuka, awo ali kumbuyo, dzanja pa njerwa za nyumba ya eni, mutu atapendeketsa ngati akumvera wailesi.

"Bambo a Thoko, tsiku lina adzakuitanirani apolisi anthuwa," ankatero akazi awo, alamu athu a Anganile.

"Abwere apolisiwo ndiwaonetse ntchito. Taonani mzere uwu, mayi a Thoko. Anamanga apa anali atadya m'mawa."

Kumudzi anali mmisiri womanga. Sukulu analekezera sitandade sikisi, n'kukayamba kuponyera njerwa mkulu wina amene ankakonza matchalitchi akale a mishoni ku Blantyre. Ankati nzeru zawo zonse anazitola pamenepo. Mu 2004 alamu atapeza ntchito ya unesi kuno ku Leicester, iwo anatsatira. Atafunsira ya zomangamanga anauzidwa kuti alibe mapepala. Ankadziseka okha: "Mapepala anga ndinawasiya ataimirira ku Chirimba, ali ndi madenga." Basi analowa ntchito ya kheya, yosamala okalamba m'makomo mwawo, kuwasambitsa, kuwaveka, kuwamwetsa mankhwala. Manja okhakhala aja anaphunzira kupesa imvi za anthu ena.

Ntchito imeneyi ndi imene inawafikitsa kwa a Sattar. A Sattar anali mmwenye wobadwira ku Limbe. Anabwera kuno kalekale m'ma 70, koma Chichewa chili m'kamwa ngati anachoka dzulo. Tsiku loyamba achimwene anagogoda, mwachizolowezi pakamwa panatuluka "Odi!"

Mawu anachokera mkati: "Odini! Ndani ameneyo wa kwathu?"

"Ndine Kalinde, bwana."

"Ubwana unatsala ku Limbe, achimwene. Kuno tonse timanjenjemera limodzi. Lowani mutseke chitsekocho."

Nyumbayo inali yapakona, yosanjikiza, ya njerwa zofiira, pamwamba pa chitseko pali mwala wolembedwa 1889. Zipinda zinali zambiri, munthu mmodzi. Tsiku lina achimwene anawadandaulira za mayi wina wakwathu amene anangofika kumene, alibe pogona. A Sattar anangoloza chipinda chakumbuyo ndi ndodo. Kuyambira pamenepo chipindacho sichinazizirenso. Amalawi ambiri amene lero akuyendetsa magalimoto awo ku Wigston anayamba agona mmenemo pa matiresi, sutikesi kumutu.

Vuto linali khoma la chipinda chomwecho. Linkanyowa chaka chonse. Ukalitsamira, malaya amachoka ndi mapu a madzi kumsana. Achimwene anapita kuseri, anagogoda, ananunkhiza, n'kubwera akupukusa mutu.

"Madala, ndani anamata simenti kunjaku?"

"Ana anga. Amati madzi asalowe."

"Ndiye analitseka pakamwa. Nyumba zakalezi anamanga ndi laimu. Khoma limamwa madzi, dzuwa likawala n'kuwapuma. Simenti siilola. Komanso paipi ya madzi a mvula inasweka, ikuthirira mkati mwa simentiyo."

"Ndiye ikudwala ngati ine," anaseka a Sattar. "Ine sindichira, achimwene. Koma iyoyi mudzaione."

Anawasamala zaka zinayi. A Sattar anamwalira mu 2022. Ana awo anali awiri: Azhar wa ku London, ndi Farzana amene amagulitsa mankhwala ku famase ku Belgrave. Nyumba inakhala yotseka koposa chaka.

M'mawa wina, akuchokera ku shifiti, achimwene anaona pepala lomangiriridwa pa mtengo wa magetsi pafupi ndi geti. Analiwerenga kawiri, chala chikutsata mawu. Ana a Sattar anali atapempha chilolezo chogwetsa nyumbayo kuti pamangidwe mafulati. Msewu umenewo ndi wa nyumba zakale zotetezedwa, sungagwetse nyumba khonsolo isanakhale pansi n'kuvomera. Pepalalo linati pali lipoti la kampani ina lonena kuti khoma lakumbuyo linawola, silingakonzeke. Linatinso amene akutsutsa alembe kalata.

Analemba. Alamu anakonza Chingerezi chake. Yankho linabwera loti akhoza kukayankhula pa miting'i ya komiti, koma mphindi zake zitatu zokha.

Sabata yathunthu anayeserera m'khichini, alamu atagwira foni kuwerengera nthawi. Zinkatha pa mphindi ziwiri ndi theka.

"Pamenepo ndiye pabwino," anatero alamu. "Koma ndakugwirani mwendo, musakayambe moni wanu uja. Kumeneko kulibe zoti mwadzuka bwanji."

"Mukundiyesa mwana?"

"Ndikukuyesani Kalinde. Pa ukwati wa a Chiku pemphero la chakudya lokha munatha nalo theka la ola, nkhuku mpaka kuzizira."

Tsikulo anavala suti yawo yabuluu ya ku tchalitchi. M'jumbo ananyamula njerwa imodzi imene inagwa yokha kuseri kwa nyumbayo, kuti akaonetse kuti mkati mwake ndi molimba. Amalawi analipo ngati khumi ndi awiri, atakhala mipando yakumbuyo. Kutsogolo kunali makhansala atazungulira tebulo, aliyense ndi maikolofoni yake, pakhoma wotchi ya manambala ofiira.

Dzina lawo litaitanidwa anaimirira, pepala m'manja. Anayang'ana anthu aja. Ena anali a imvi, mayi mmodzi anali ndi ndodo. Achimwene anatiuza pambuyo pake kuti pakamwa panakana. Munthu ungafike pamaso pa akuluakulu n'kungoyamba "khoma, khoma," ngati wabwera kudzalanda mbuzi?

Anayamba ndi atcheya. Anawathokoza chifukwa chowalola kuima pamenepo. Anapereka moni kwa makhansala, kuyambira kumanja, mmodzimmodzi, akuwerenga mayina pa timatabwa tawo, ena akuwaphonya katchulidwe n'kupepesa n'kubwereza. Mayi wa ndodo uja anamufunsa za mwendo. Anthu anayamba kumwetulira. Kumbuyo alamu anali atabisa nkhope m'sikafu. Wotchi inali itadya mphindi ziwiri.

Anakweza pepala lija kuti ayambe, ndiye maso awo anagwera pa Azhar ndi Farzana, atakhala mbali ina kudikira nthawi yawo. Chiikireni maliro anali asanakhale nawo pansi. Kwathu sungatchule katundu wa malemu usanapepese ana ake. Anapinda pepala, anagwira chigongono ndi dzanja lamanzere, anawerama, n'kusiya Chingerezi.

"Ana a Sattar, pepani. Mtengo waukulu unagwa, mthunzi tinkakhalamo tonse. Bambo anu sanavutike pomaliza. Anapempha tiyi, anamwa theka, anati Farzana asamayendetse galimoto mothamanga. Pepani ndithu."

Belu linalira. Atcheya anati, mwaulemu ndithu, nthawi yatha. Za khoma sanatchule ngakhale liwu limodzi. Njerwa inali ikadali m'jumbo. Anabwerera pampando, anakhala, osayang'ana aliyense.

"Ndinanena," ananong'ona alamu, koma dzanja lawo linali litagwira la amuna awo.

Kenako anaitana mbali ya eni nyumba. Woyankhula anali Farzana, pepala lake lotayipa bwinobwino. Anaima pa maikolofoni, osayamba. Wotchi ikuyenda. Azhar anatsokomola kumukumbutsa. Mayiyo anapukuta m'maso n'kuyankhula m'Chingerezi, pang'onopang'ono.

"Chimwalirireni bambo, sindinamveponso chiyankhulo chimenecho. Sindimachiyankhula, koma ndamva zonse. Munthu uyu anasambitsa bambo anga zaka zinayi. Lero anapatsidwa mphindi zitatu zoti atitsutse, wathera kutipepesa. Ine sindikudziwa chimene amafuna kunena za khomalo. Ndikupempha kuti musagamule lero. Mubwere mudzalione."

Makhansala ananong'onezana, anakweza manja, anagwirizana kuti nkhaniyo iime kaye mpaka adzafike okha panyumbapo. Anaika tsiku loti adzabwere pakatha miyezi iwiri.

Panja Azhar anali atafiira ndi ukali. "Ankolo, lipoti analemba ndi anthu ophunzira. Khoma silipuma. Si ng'ombe."

"Mwana wanga, ndibwereke kiyi miyezi iwiriyi. Likakana kupuma, hamala yoyamba ndidzamenya ndine."

Farzana anatsegula chikwama n'kuwapatsa kiyi.

Inali nthawi yotentha, dzuwa lolowa mochedwa. Akaweruka ku shifiti ankapita molunjika kumeneko, kuvula yunifomu, kuvala ovolosi. Anayamba n'kusintha paipi yosweka ija. Kenako simenti. Sanafune makina, ankati amang'amba nkhope ya njerwa. Tchizulo ndi hamala basi, pang'onopang'ono, khoma lonse kuyambira pamwamba mpaka pansi. Munthu wa zaka sikisite-thuu pa makwerero! Simenti ikachoka, njerwa zinkatuluka zakuda, zonyowa ngati chiwindi. Ankazisiya zipume. Pakatha masiku zimayamba kufiira, kuyambira pamwamba kutsika, moti oyandikana nawo ankaima pampanda kuonerera.

Pamene dothi la pakati pa njerwa linafumbwa, ankalikokota ndi kachitsulo n'kuikamo laimu watsopano. Ankamukanda mpaka azimata pa chipande chozondotsa osagwa. Akamata ankaphimba ndi masaka onyowa kuti asaume msanga. Laimu anawadya zala mpaka kusweka. Alamu ankawapaka mafuta akung'ung'udza.

"Nyumba ya eni, bambo a Thoko. Ngakhale chitseko chimodzi si chanu."

"Inunso odwala anu aja si anu, koma mumawatembenuza."

Tsiku loyendera linafika. Anabwera makhansala asanu ndi mayi wina wa kukhonsolo woona za nyumba zakale, atanyamula kamakina koyezera chinyezi. Lamulo linali loti pa ulendo wotere anthu wamba asayankhule. Alamu anati limeneli ndiye lamulo limene Mulungu anapangira a Kalinde. Achimwene anaima pakona ya bwalo atavala suti ija, manja kumbuyo, pakamwa atatseka ngati wamwa madzi.

Mayi uja anagunditsa kamakina kake pakhoma. Anayang'ana. Anasuntha, anagunditsanso. Anatulutsa lipoti lija, anawerenga, anayang'ananso khoma. Kenako anaika kamakina m'thumba, anavula gulovu, n'kugwira njerwa ndi dzanja lenileni, chala chikutsata mzere wa laimu mpaka kumapeto. Anatembenuka.

"Wachita izi ndani? Kampani yanji?"

Farzana anangoloza. Mayiyo anapita pomwe anaima achimwene, anapempha kuona manja awo. Achimwene anawatambasula, osweka, oyera m'ming'alu. Mayiyo anawayang'ana nthawi yaitali ndithu. Khansala wa ndodo uja naye anabwera, anagwira khoma, kenako onse asanu, mmodzimmodzi, manja pa njerwa, mitu atapendeketsa. Amene analipo amati zinali ngati anthu akudalitsa mwana.

Komiti itakumananso inakana kuti nyumbayo igwetsedwe. Anati khoma ndi lamoyo, chifukwa chogwetsera palibe. Azhar anabwerera ku London osatsanzika, ndipo miyezi inadutsa osaimba foni. Achimwene zinkawawawa zimenezo. Ankati, "Ndapulumutsa nyumba, ndataya mwana."

Mu Febuluwale chaka chino anagwa pa siteji ya basi akupita ku shifiti ya m'mawa. Mtima. Pofika ku chipatala anali atapita kale.

Fulati yawo ndi ya chipinda chimodzi, ndipo anthu anali kubwera kuchokera ku Nottingham, ku Derby, ku Northampton. Alamu anasowa kowaika. Tsiku lachiwiri masana kunagogodedwa. Anali Azhar, jekete yonyowa ndi mvula, kiyi m'manja. Anaima pakhomo, anagwira chigongono ndi dzanja lamanzere, anawerama monga anaonera tsiku lija, n'kunena liwu limodzi lokha la Chichewa limene analigwira.

"Pepani."

Maliro anakhalira m'nyumba ya a Sattar masiku asanu, mpaka thupi linanyamuka kupita kumudzi. Mvula inagwa sabata yonseyo osapuma. Azibambo anakhala kuchipinda chakutsogolo. Azimayi anayala zitenje pansi m'chipinda chakumbuyo chija, ambiri mwa iwo anagonamo kale masiku awo oyamba kuno, n'kutsamira khoma akuimba nyimbo. Pakati pa nyimbo a Chiku, amene nawonso anagonamo kale, anadzidzimuka, anakumbukira kuti khomali linkanyowetsa, anagwira kumsana kwa bulauzi yawo. Anagwiranso. Kenako anatenga dzanja la alamu n'kuliika pakhomapo.

Linali louma.