Sitima yasiya kubuula pachitunda pathu

Lachiwiri lapitali ndinatsala pang'ono kufera basela wa tomato.

Ndinali pa kamsika kathu ka panjanji, ukamatsika kuchokera ku Machinjiri kulowera ku Chirimba. Inu amene simunafikeko musaganize kuti ndikunena m'mbali mwa njanji. Ndi pakati penipeni. Abiti Saidi, mayi amene ndakhala ndikugula kwa iwo zaka zambiri, amayala thumba lawo pakati pa zitsulo ziwirizo, chifukwa ndi momwe mumadutsa anthu akamaweruka kumafakitale. Njanji ndiye msewu wathu wopanda matope.

Sitima inaliza hutala kumunsi, cha kumlatho. Tonse tinamva. Ine ndinapitiriza kudandaula kuti milu yachepa, iwo anapitiriza kulumbira kuti tomato wakwera ku Lunzu. Palibe anasuntha. Tisunthirenji? Sitima yakatundu pachitunda chimenechi timaidziwa. Imabwera ikubuula, ikutsokomola utsi wakuda, mawilo akuterereka. Ikalira kumlatho, munthu amatha kugulitsa kwa anthu awiri, kumanga bwino chitenje, kenaka n'kukoka thumba lake mwaulemu.

Tsikuli nditadzutsa mutu, inali itafika kale. Ine ndinadumphira mungalande. Abiti Saidi anawerama kuti agwire ngodya za thumba, ndipo bambo wina wogulitsa makala ndi amene anawakoka pamkono mpaka onse awiri kugwera m'maudzu. Thumba linatsalira. Mabogi atatha kudutsa, panjanji panali pofiira ndi tomato, ndipo kwa kanthawi palibe amene ankafuna kuyang'anapo.

Dalaivala sindingamunene. Hutala anaimba mosalekeza. Kungoti sitima si minibasi yoti uponda buleki n'kuima pomwe wamuona pasenjala.

Chinatidabwitsa tonse n'chakuti mutu wa sitimayo unali womwe uja timauona masiku onse. Mphuno yomweyo, kaimidwe komweko, penti yokha ndiye inali yowala.

Madzulo ake ndinakafunsa aneba anga, a Likhutcha, omwe anapuma pantchito yokonza masitima. Anaseka kaye, osati chifukwa nkhaniyo inali yoseketsa, koma poti papita nthawi munthu asanawafunse za ntchito yawo. Anati mutu wa sitima sautaya msanga. Chitsulo chake chapansi chimapirira zaka zambiri, choncho m'malo mogula watsopano, eni ake amaupasula wonse n'kuumanganso. Injini ya dizilo amaikonza kapena kuikamo ina, mawaya onse amasintha, ndipo amaikamo kompyuta yoona kuti mawilo asamaterereke pokwera. Ukatuluka mugalaja umakoka mabogi ambiri, umamwa mafuta ochepa, phokoso ndi utsi zimachepa.

"Nkhope ndi yomwe ija, achimwene," anatero. "Koma m'kati si yomwe mumaidziwa inu."

Ndinawafunsa ngati mitu yonse yakonzedwa chotero. Anapukusa mutu. Ntchito yotere imapita pang'onopang'ono, umodziumodzi. Kwa nthawi yaitali ndithu yakale ndi yokonzedwa idzakhala ikudutsa panjanji imodzi, lero uwu, mawa winawo.

Tisanamizane, kukonza masitimaku n'kwabwino. Feteleza, mafuta, simenti ndi tirigu zikayenda panjanji, ndiye kuti mathiraki ena achoka pamsewu. Aliyense amene anakhalapo kumbuyo kwa thiraki pa Kameza nthawi ya m'mawa sangatsutse. Ndipo dziko losauka likakonza chimene lili nacho m'malo mochitaya, ine ndimaomba m'manja.

Vuto lili kwa ife okhala m'mbali mwa njanji. Tinazolowera chinthu chodwala mpaka tinamanga moyo wathu pa matenda akewo. Kubuula kwa injini yotopa kunali wotchi yathu. Amayi ankadziwa nthawi yoanula ufa, oyenda pansi ankadziwa kuti afika pati asanapatuke, achidakwa nawo anali ndi masamu awo. Palibe anatiphunzitsa kusukulu. Zinangolowa m'khutu, n'kutsikira kumiyendo.

Ndipo si sitima yokha. Msewu ukakhala wa maenje timaoloka tikucheza pafoni, poti galimoto iliyonse imayenda ngati ikuperekeza maliro. Akauthira phula watsopano, maliro enieni amayamba. Waya wamagetsi akagwa pansi ena amamudumpha mosaopa, ati pajatu masana sayaka. Nanga tsiku lomwe adzayake?

Musati sitinauzidwe. Anthu anabwera ndi chimkuzamawu miyezi yapitayo kudzatichenjeza kuti tichoke panjanji. Tinamvetsera, tinavomera, ena tinafunsa ndi mafunso omwe. Galimoto yawo isanakhote pakona matumba anali atayalidwanso. Chimkuzamawu chimalankhula tsiku limodzi, pomwe chizolowezi chakhala chikutilankhula zaka makumi awiri.

Mudzati, nanga mayiwo osangochokapo bwanji? Inenso ndinawafunsa zomwezo Lachisanu, nditawapeza pamalo omwe aja ndi thumba lina, chigongono atamanga kansalu. Anandilozera ndi chibwano. Kumanzere kuli ngalande. Kumanja malo onse ali ndi eni ake, ndipo pakamsikapa aliyense amadziwa malire ake ngakhale palibe pomwe analemba. Kumsika waukulu anayesako kale, anakhala tsiku lonse akuthamangitsa ntchentche. Makasitomala awo ali panjanji pomwepo, ndipo mmodzi mwa iwo ndinali ine, nditaima pakati pa zitsulo ndi jumbo langa m'manja.

"Koma pano ndaphunzira, bambo," anatero. "Ikangolira, ine ndanyamuka. Tsoka silinunkha."

Tisanamalize n'kulankhula komwe, hutala inalira kumlatho. Abiti Saidi sanadikire. Anasiya mayi wina atatambasula dzanja, n'kukoka thumba mpaka kumaudzu, milu yonse kugumuka. Ine ndinali nditaoloka kale ngalande. Tinaima n'kumadikira.

Tinadikira ndithu.

Inali yakale. Inatulukira ikubuula, utsi uli tolo, ikukwawa moti munthu woyenda ndawala akanaiperekeza. Pomwe imafika, mayi wogula uja anali atagula kale kwa wina n'kumapita. Anzawo a pamsika anayamba kuwaseka Abiti, ati athawa sitima ili ku Lirangwe, ati mawa adzathawa njinga ya kabaza. Iwo anasekerera pang'ono, koma ndinaona kuti chawawawa. Anagwada n'kuyamba kutola tomato m'maudzu mmodzimmodzi, akupukuta dothi ndi chitenje.

Mabogi atatha anakokeranso thumba pakati, n'kuyamba kuunjika milu.

"Mwaona?" anatero, osandiyang'ana. "Ndathawira chabe."

Mawu amenewa andiopsa kuposa zomwe ndinaona Lachiwiri. Sabata ino athawa msanga, ya mawa mwina athawanso. Koma yakale ikadutsa kanayi motsatizana, anzawo akuseka, makasitomala akupita kwina, kachisanu adzati ndimalize kaye mulu umodzi.

Inu ndi ine tidzakhala titaima pomwepo, jumbo m'manja. Kodi tidzawauza kuti anyamuke, kapena tidzati atiwonjezereko kamodzi ka basela?